"Dzina lanu lili mu sisiteme": tisanapise m'chikwama, tifunse kaye

Azichemwali, lero tikambe za mawu amene amatiumitsa thupi tikawamva kupolisi kapena pa bodala: "Dzina lanu lili mu sisiteme." Ambirife tikangomva choncho, dzanja limathamangira m'chikwama. Tiyeni tiziyamba tafunsa: walilemba ndani, ndipo pa chifukwa chanji? Kulembedwa kulipo kosiyanasiyana.

Kuno kwathu, kumangidwa sikutanthauza kuti wapezeka wolakwa. Wogamula ndi khoti, osati wapolisi wa pa kauntala. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ngati ya loya palibe, a Legal Aid Bureau alipo.

Koma pomwe anzathu ambiri akugwa ndi ku Joni. Ndi pasipoti ya Malawi amatidindira masiku osaposa 30. Ukakhalitsa, potuluka pa Beitbridge kapena pa OR Tambo amakulemba kuti "undesirable", ndiye kuti sukuloledwa kulowanso. Ngati masiku owonjezerawo sanapose 30, chiletso ndi chaka chimodzi. Ukabwereza m'miyezi 24, ndi zaka ziwiri. Akaposa 30, ndi zaka 5. Tangoganizani mayi amene wasiya mwana ku Johannesburg poganiza kuti akungokalira maliro ku Mangochi n'kubwerera.

Chiletsochi sichichokera kukhoti, n'cha a Home Affairs a ku South Africa, ndipo chimatheka kuchitira apilo. Timalemba kalata pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, n'kuikapo umboni wa chimene chinatichedwetsa, monga kalata ya dokotala ngati tinagonekedwa m'chipatala. Ndiye chipepala chimene amapereka pa bodala chija si chokulungira mandasi ayi. Tichijambule pa foni pompopompo, titumizenso kwa m'bale.

Tsono pali madobadoba aja, amene amati "ingobweretsani kangachepe, tikudindirani masiku." Apa ndiye tichenjere kwambiri. Lamulo la ku South Africa lomwelo limati wopezeka ndi viza, pemiti kapena pasipoti yachinyengo amalowa m'gulu lina, la "prohibited person". Limenelo lilibe zoti udikire chaka kapena zaka 5 kuti lithe lokha. Umakhalabe woletsedwa mpaka mkulu wa Home Affairs atavomera kukuchotsamo, pomwe dobadoba uja foni anazimitsa kalekale.