Woimbira Basiketibolo Aweruza ndi Maso, Nalankhula ndi Manja

Mau a lero ndi a munthu amene pa bwalo saponya mpira ngakhale kamodzi, koma zinthu zikavuta anthu onse ayang'ana iye. Munthuyu ndiye woimbira mpira. Masewera amene akambidwe pano ndi basiketibolo, mpira uja woponyera mu mkombero wachitsulo wa ukonde, wopachikidwa pa thabwa mapazi 10 kuchokera pansi. Ufanana pang'ono ndi netibolo, koma mu basiketibolo wosewera aloledwa kuthamanga ndi mpira akuunjanjitsa pansi, ndipo mbali iliyonse ikhala ndi anthu 5 m'bwalo.

Masewerawa anawayamba mphunzitsi, dzina lake James Naismith, ku Springfield m'dziko la America m'chaka cha 1891. Iye analemba malamulo 13 okha, ndipo lina linati mbali imene ilakwa katatu motsatana, anzao asanalakweko, anzaowo apatsidwe chigoli. Lamulo limenelo linatha kale. Malamulo amene maiko ambiri atsata tsopano ndi a bungwe la FIBA, limene linakhazikitsidwa ku Geneva m'chaka cha 1932, ndipo ndi amenewo afotokozedwe pano.

Cholakwa cha kugwira mnzako, kumkankha, kummenya pa mkono kapena kumtsekera njira mosayenera, osewera amachitcha faulo. Pamene woimbira waona faulo, funso loyamba m'mutu mwake ndi ili: kodi wolakwiridwayo anali atayamba kuponya mpira ku mkombero, kapena iai? Chilango chonse chagona pa funso limeneli.

Ngati sanali kuponya, mbali yake ingopatsidwa mpira kuti iuyambire kunja kwa mzere wa bwalo. Pokhapokha ngati olakwawo anachita kale mafaulo 4 m'chigawo chimenecho cha mphindi 10, ndi pamene wolakwiridwa aponya kawiri kwaulere. Koma ngati anali kuponya, mlandu wake ndi wina. Mpira ukalowa, mapointi ake awerengedwa, ndipo aonjezeredwa kuponya kumodzi kwaulere. Ukapanda kulowa, aponya kawiri. Ngati anaponyera kuseri kwa mzere wokhota uja wa mapointi 3, umene FIBA inauyamba m'chaka cha 1984 ndipo tsopano uli mamita 6.75 kuchokera pa mkombero, aponya katatu. Kuponya kwaulere kuchitika pa mzere wa mapazi 15 kuchokera pa thabwa, popanda womtsekereza, ndipo kukalowa ndi pointi imodzi. Masewera ambiri atha mbali ziwiri zitasiyana ndi pointi imodzi kapena awiri, kotero chiweruzo chimenechi si chaching'ono.

Kodi kuponya kuyamba liti? Kuyamba pamene wosewera ayamba kukweza mpira kulinga ku mkombero. Kwa amene akuthamangira ku mkombero, kuyamba pamene wasiya kunjanjitsa, wagwira mpira m'manja, nayamba kuyenda kuja kothera m'kuponya. Kutha pamene mpira wachoka m'manja, koma ngati munthuyo analumpha, kutha pamene mapazi ake onse awiri abwerera pansi. Ichi ambiri sachidziwa. Mnyamata alumpha, mpira uchoka, mnzake namgunda ali m'malere. Pamenepo akali woponya ndithu, ndipo ayenera kupatsidwa kuponya kwaulere. Koma amene wagundidwa napatsira mnzake mpira m'malo mouponya, ameneyo sawerengedwanso woponya.

Wotsekereza nayenso ali ndi ufulu wake. Lamulo limuona ngati munthu woima m'kati mwa mgolo wautali wofika kumwamba. Malo a mu mgolomo ndi ake; angathe kukweza manja ake chilili, ngakhale kulumpha molunjika. Woponya akadzigunditsa yekha pa munthu wotere, wotsekerezayo alibe mlandu. Koma akatsitsa manja ake pa mkono wa woponya, kapena akalowa pansi pa munthu amene ali m'malere namlanda malo otera, walakwa. Kulowa pansi kumeneku ndi koopsa, pakuti woterayo aponda phazi la mnzake nabinya kapena kuthyoka mwendo.

Nchifukwa chake woimbira wanzeru sathamangira wezulo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Iye aima poti aone mpata wa pakati pa anthu awiriwo, naona chiyambi cha kugundanako, pakati pake ndi mathero ake. Sayang'ana mpira uli m'mwamba, ayang'ana anthu kufikira atatera. Pa masewera akulu oimbira akhala awiri kapena atatu, aliyense ndi dera lake, chifukwa maso a munthu mmodzi sangaone anthu 10 nthawi imodzi.

Kuona bwino ndi theka chabe la ntchito. Theka lina ndi kuuza anthu chimene waona, ndipo m'phokoso la pa bwalo pakamwa sipathandiza. Ayamba ndi kuimba wezulo nakweza mkono atakunga nkhonya. Nkhonya itanthauza faulo, ndipo wosunga nthawi aimitsa wotchi pomwepo. Akakweza chikhatho chotambasula, ndiye kuti cholakwacho ndi china, monga kuyenda ndi mpira osaunjanjitsa. Pambuyo pa nkhonya, ngati munthu anali kuponya, woimbira aonetsa zala ziwiri kapena zitatu za kuponya kwaulere. Ngati sanali kuponya, aloza pansi. Kuloza pansi kumeneku kuyenera kuchitika msanga, pakuti kukachedwa anthu ayesa kuti woimbira anadikira kuona ngati mpira ulowe.

Atatero apita poonekera kwa anthu a pa tebulo, ndiwo wolemba mapointi ndi wosunga nthawi, naima chilili. Ngati mpira unalowa ndipo mapointi awerengedwa, aonetsa zimenezo choyamba. Ngati sawerengedwa, apingasa mikono pa chifuwa monga sizasi. Kenaka aonetsa ndi zala nambala ya wolakwa. Kale osewera a FIBA anali kuvala nambala 4 kufikira 15 zokha, kuti zala za nambala zisasokonezeke ndi chala chimodzi, ziwiri kapena zitatu za mapointi; tsopano nambala kufikira 99 ziloledwa. Nambala ndi yofunika chifukwa wosewera akachita mafaulo 5 atuluka, osabwereranso m'masewera amenewo. Itatha nambala, aonetsa mtundu wa faulo. Kugwira, agwira dzanja lake pamene pavalidwa wotchi; kukankha, achita ngati akukankha; kutsekera njira, aika manja onse m'chiuno; ndipo wa mpira akagunda mnzake woima bwino, amenya nkhonya m'chikhatho. Pomaliza abwereza chilango.

Chimene chichitika pamene oimbira ndi a pa tebulo samvana chinaoneka ku Munich, m'dziko la Germany, pa masewera a Olympic a 1972. America ndi Soviet Union anali kulimbirana mendulo yagolide, ndipo America inali isanagonjepo chiyambire 1936. Patatsala masekondi 3, Doug Collins wa America anagwetsedwa akuthamangira ku mkombero. Anapatsidwa kuponya kawiri, naloza konse, America nitsogola 50 kwa 49. Pa faulo imeneyo panalibe mkangano. Mkangano unabuka pa nthawi yopuma imene a Soviet anati anapempha, ndi pa wotchi. Oimbira anali ochokera ku Brazil ndi ku Bulgaria, lipenga la pa tebulo linalira pakati pa kuponya, ndipo mlembi wamkulu wa FIBA, William Jones, analowererapo nalamula kuti wotchi ibwerere pa masekondi 3. Mpira unayambidwa katatu. Kachitatuko Alexander Belov analoza, Soviet Union nipambana 51 kwa 50. Osewera a America anakana kulandira mendulo zao zasiliva.

Ngati zotere zinachitika pamaso pa dziko lonse, koposa kotani pa bwalo la sukulu pamene midzi iwiri yakumana? Mphunzitsi amene apatsidwa wezulo achita bwino kukhala pansi ndi a pa tebulo masewera asanayambe, kuti agwirizane za zizindikiro. Achitanso bwino kuphunzitsa ana zizindikirozo m'kalasi, kuti akaona nkhonya ndi chala choloza pansi adziwe okha tanthauzo lake. Pa bwalo la milandu mfumu yabwino siweruza monong'ona. Inena poyera amene walakwa, chimene walakwa ndi chimene alipire, ndipo ngakhale wogonja apita kwao atamva. Woimbira achite chomwecho ndi manja ake, pa mbali zonse ziwiri mofanana, ngakhale wolakwayo ndi mwana wa m'kalasi mwake.