CUKU CA MU CIMANGA NDI MTEDZA: ZIMENE OFUFUZA ANAPEZA

Nkhani ya lero ndi ya cakudya cimene cimalowa m'nyumba zanu tsiku ndi tsiku: ufa wogula ku sitolo, mtedza kapena nsawa za pa msika, ndi thumba lija la cimanga limene acibale amatumiza pa basi kucokera ku mudzi. Munthu wogwira nchito mu mgodi amadya zimene manja a ena anakolola ndi kusunga. Cifukwa cake ayenera kudziwa za mdani wina amene amabisala m'mbewu, ndiponso zimene akatswiri ofufuza aphunzira za iye pa zaka zoposa 60.

M'mwezi wa Ogasiti 2024 Unduna wa Zaumoyo m'Zambia unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa pa mwezi umodzi atadya cakudya copangidwa ndi cimanga. Akatswiri anatapa cimanga ndi ufa m'zigayo zazikulu, ndipo mwa zoyesedwa 25 pafupifupi theka zinapezeka ndi poizoni wochedwa aflatoxin wopyola muyeso. Anthu ambiri anamva dzinali koyamba pa nthawiyo, koma mbiri yake inayamba kale, ndiponso kutali.

IMFA YA NKHUKUNDEMBO

M'caka ca 1960 alimi a ku England anataya nkhukundembo zoposa 100,000 pa miyezi yowerengeka. Mbalamezo zinali kuleka kudya, kufooka ndi kufa, ndipo madokotala a ziweto pozitumbula anapeza ziwindi zitaonongeka. Popeza panalibe wodziwa nthendayo, anaicha Turkey X, ndiko kunena nthenda yosadziwika ya nkhukundembo. Ofufuza anatsata zimene mbalamezo zinadya, napeza kuti m'makola mmene munali imfa ankadyetsa zotsalira za mtedza wofinyidwa mafuta wocokera ku Brazil. Posacedwa kunamveka kuti ana a abakha ali kufanso ku Kenya ndi ku Uganda atadya mtedza wolimidwa konko. Pamenepo kunadziwika kuti bvutolo silinali la dziko limodzi.

M'caka ca 1961 akatswiri a ku Tropical Products Institute mu London, pamodzi ndi anzao oona za ziweto a ku Weybridge, anatenga cuku ca mu mtedza wotero nacimeretsa pa cokha. Zimene cukuco cinatulutsa anazipatsa ana a abakha, ndipo anafa ndi zizindikiro zomwe zija. Cukuco dzina lake ndi Aspergillus flavus, ndipo poizoni wake anamucha aflatoxin potenga zilembo za dzina limenelo.

M'MENE CUKU CIMALOWERA M'MBEWU

Cuku cimeneci cimakhala m'nthaka ya m'minda, makamaka m'maiko otentha, ndipo timbewu take n'tating'ono ngati pfumbi louluka ndi mphepo. Mmera wathanzi umadzichinjiriza ndithu. Koma mvula ikadula pamene cimanga kapena mtedza uli kukhwima, mmerawo umafooka, ndipo cuku cimapeza polowera. Caka ca 2024 cija cinali ca cilala coopsya. Mbozi zoboola cimanga m'munda, khasu loswa makoko a mtedza pokumba, ndi anankafumbwe a m'nkhokwe, zonsezi zimatsegulira cuku khomo. Mbewu zikasungidwa zisanaume pa malo ofunda, cuku cimakula msanga ndi kuculukitsa poizoni wake.

Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nthawi zina cuku cimaoneka ndi maso, cobiriwira mwacikasu. Koma ofufuza anapeza kuti mbewu yooneka bwino ikhoza kukhala ndi poizoni ngakhale cuku cisaoneke. Anapezanso kuti moto wophikira nsima kapena wokazingira mtedza sumutha poizoniyu, ndi kuti ng'ombe yodya gaga woipa imamutulutsa mu mkaka wake. Mai woyamwitsa naye akadya cakudya cotero, gawo lina limafika kwa mwana.

ZIMENE POIZONI AMACITA M'THUPI

Poizoni akaculuka kwambiri amapha pa masiku ocepa. M'caka ca 2004 kum'mawa kwa Kenya, makamaka m'maboma a Makueni ndi Kitui, anthu anakolola cimanga mvula iri kugwa pa nyengo yosayembekezeka, nacisunga m'nyumba cisanaume. Anthu 317 anadwala, maso ali acikasu, mimba ndi miyendo zitatupa, ndipo 125 mwa iwo anamwalira.

Koma kawirikawiri poizoniyu amadyedwa pang'onopang'ono zaka zambiri, mwini osadziwa kanthu. M'zaka za m'ma 1970 ofufuza anayenda m'midzi ya ku Murang'a m'Kenya ndi ya ku Inhambane m'Mozambique, natapa cakudya cophika cimene anthu anali kudya, naciyesa. Poyerekeza ndi mabuku a m'zipatala anaona kuti kumene cakudya cinali ndi aflatoxin wambiri ndi kumenenso khansa ya ciwindi inali yoculuka. M'caka ca 1987 bungwe lofufuza za khansa la ku Lyon m'France linaika aflatoxin m'gulu la zinthu zodziwika ndithu kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Ngozi imakula koposa kwa munthu amene ali kale ndi nthenda ya ciwindi ya hepatitis B.

Ana naonso ali pa ngozi. M'caka ca 2002 Yun Yun Gong ndi Christopher Wild a ku University of Leeds, pamodzi ndi anzao, analengeza zimene anapeza poyesa magazi a ana 480 a ku Benin ndi Togo, kuzambwe kwa Africa. Ana 99 mwa 100 alionse anali ndi cizindikiro ca aflatoxin m'magazi. Ana opinimbira anali naco coculuka koposa anzao okula bwino, ndipo cinali kukwera pamene mwana waleka kuyamwa nayamba kudya phala ndi nsima.

NANGA M'ZAMBIA?

Paul Kachapulula wa ku University of Zambia, pamodzi ndi anzake, anasonkhanitsa cimanga ndi mtedza m'maboma ambiri a dziko lino, nalengeza zotsatira m'caka ca 2017. Muyeso umene anatsata unali wa magawo 10 pa magawo 1,000 miliyoni. Kuti mumvetse ucepa wake, ndiko kunena galamu imodzi ya poizoni m'matumba 2,000 a makilogalamu 50. Mwa mbewu za pa misika, 17 pa 100 zinapyola muyesowo, ndipo mtedza unali ndi poizoni wambiri koposa cimanga. Ku cigawo cotentha, cimene ciri ndi madambo a Zambezi ndi Luangwa, mbewu zoipa zinali 38 pa 100. Ku cigawo ca mvula yambiri ca kumpoto, kumene kuli migodi ya Copperbelt, zinali 8 pa 100.

Komabe a ku migodi asati apulumuka, pakuti cakudya ca m'tauni cimacokera ku zigawo zonse. Ndiponso ofufuzawo anayesa cinthu cina. Anatenga mbewu zabwino, naziika pa malo ofunda ndi acinyezi sabata limodzi lokha, ndipo poizoni anaculuka koposa ka 1,000. Motero thumba lofika labwino likhoza kuipira m'nyumba ya wogula yemwe.

MANKHWALA A MANJA

Tsono funso linali lakuti, kodi mlimi wosauka angathe kucepetsa poizoniyu ndi zinthu zimene ali nazo? Yankho linacokera ku Guinea, kuzambwe kwa Africa, kumene anthu amadya mtedza kwambiri. Paul Turner ndi anzake anasankha midzi 20 ku cigawo ca Kindia. Midzi 10 inapitiriza kusunga mtedza monga mwa masiku onse. M'midzi 10 inayo alimi anaphunzitsidwa kusankha mtedza ndi manja, kuuyanika pa mphasa m'malo mwa pa dothi, kuonetsetsa kuti waumitsitsa, kuuika m'masaka a ulusi opitsa mpweya, kusanja masakawo pa matabwa, ndi kuwaza mankhwala ophera tizilombo pansi m'nyumba yosungiramo. Itapita miyezi 5 anayesa magazi a anthu a m'midzi yonseyo. Zotsatira, zimene zinalengezedwa m'caka ca 2005, zinaonetsa kuti m'midzi yophunzitsidwa cizindikiro ca poizoni cinali cocepera theka la ca m'midzi inayo. M'nchito imeneyi munalibe makina ngakhale amodzi.

Ku Malawi Limbikani Matumba ndi anzake anayerekeza njira zoyeretsera cimanga, monga kuciyandamitsa m'madzi, kucikonola ndi kucisankha. Anapeza kuti kusankha ndi manja, kutaya njere zoola, zofumbwa ndi zosweka, ndiko kumacotsa poizoni wambiri koposa. Kukonola kumathandizanso, koma poizoni amene wacoka amatsalira mu gaga.

CUKU COGONJETSA CUKU CINZAKE

Ofufuza ena anafuna kumenya nkhondoyi m'munda momwe. Peter Cotty wa ku Arizona m'America anaona kuti m'banja la Aspergillus flavus muli mitundu ina yosatulutsa poizoni, ndi kuti mitundu yofatsayi ikafika poyamba m'munda imalanda malo a mitundu yoipa. Iye anayamba kuyesa nzeruyi pa thonje. Pambuyo pake Ranajit Bandyopadhyay wa ku International Institute of Tropical Agriculture mu Ibadan m'Nigeria anagwirizana naye kuti njirayi ifike ku cimanga ndi mtedza wa mu Africa. M'dziko lirilonse amafuna mitundu yofatsa ya m'nthaka ya dziko lomwelo, nasankha inai. Amaipaka pa njere za mapira ootcha kuti asamere, nazidaya utoto wabuluu kuti anthu asadye. Dzina lake ndi Aflasafe, ndipo ku Nigeria inabvomerezedwa m'caka ca 2014.

Mlimi amamwaza makilogalamu 10 pa hekitala imodzi, masabata 2 kapena 3 cimanga cisanacite ngayaye kapena mtedza usanacite maluwa. M'minda yoyeserera poizoni ankatsika ndi magawo 80 pa 100 kapena kuposerapo. M'Zambia akatswiri a Zambia Agriculture Research Institute, amene likulu lao liri ku Mount Makulu pafupi ndi Chilanga, anathandiza kusankha mitundu ya m'nthaka ya kuno, imene inachedwa Aflasafe ZM01 ndi ZM02. Ngakhale ziri tero, ofufuza amacenjeza kuti mlimi wothira Aflasafe ayenerabe kuyanika ndi kusunga bwino.

ZIMENE WA M'TAUNI ANGACITE

Pogula mtedza pa msika muyang'ane bwino. Wonyala, wosweka, wakuda kapena wowawa muutaye, ngakhale mtengo wake ukhale wotsika cotani. Pa misika pamapezeka mtedza wotsalira posankha, ndipo cifukwa ca kuchipa kwake anthu amaupera ciponde kapena nsinjiro zothira m'phala la ana. Mukagula mtedza wathunthu ndi kusinja nokha mumaona cimene mwana wanu ali kudya. Mbewu zotayidwazo musadyetse nkhuku kapena agalu, ndiponso musafululire mowa, pakuti kufulula sikumutha poizoni.

Thumba likafika kucokera ku mudzi, yesani ngati cimanga cauma. Thirani mcere wouma m'botolo louma, onjezani cimanga capamanja, tsekani, gwedezani, ndipo mulisiye kanthawi. Mcere ukamatirira m'mbali mwa botolo, cimangaco cikali ndi cinyezi, ndipo ciyenera kuyanikidwanso pa dzuwa. Thumba lisagone pa simenti kapena kutsamira cipupa. Likhale pa matabwa, kutali ndi pamene malata amadontha. Pa nyengo ya dzinja ndi bwino kugula ufa wongokwanira masabata ocepa.

Ambiri a inu mumatumiza ndalama kwa makolo ku Chipata, Petauke, Katete kapena Lundazi. Potumiza ndalama za feteleza, kumbukiraninso za mphasa zoyanikira ndi matumba abwino. Alipo matumba a zikutiro zitatu ochedwa PICS, amene anayamba ndi nchito ya Larry Murdock wa ku Purdue University ndi anzake posunga khobwe ku Cameroon. Matumbawa salowetsa mpweya, kotero kuti anankafumbwe amafera momwemo popanda mankhwala. Koma mbewu ziyenera kuuma zisanalowemo. Muwauzenso acibale kuti asawaze madzi pa mtedza pofuna kufewetsa makoko posenda, pakuti madzi amenewo amadzutsa cuku. Ndipo inu amalonda opita ku midzi kukagula mbewu, musakakamize mlimi kugulitsa cimanga cisanaume, cifukwa cimanga comweco cidzabwerera m'mbale za ana a m'komboni mwanu.

Akatswiri a ku London, Leeds, Ibadan ndi Lusaka acita mbali yao: anamupeza mdaniyo, anamucha dzina, anayesa mphamvu yake, naonetsa zimene zimamufooketsa. Mbali yotsala iri m'manja mwa woyanika, wosankha, wogulitsa ndi wophika. Uzani anzanu a pa nchito ndi a m'nyumba zoyandikana zimene mwamva lero.