ZA CIPONGWE CA ANA OSINKHUKA M'SUKULU

 Aphunzitsi adandaula kuti mwana amene anali wofatsa pa zaka 10, pofika zaka 14 ayamba kubweza mau, kuseka pa nthawi ya phunziro, ndi kuputa anzace. Kodi cipongwe ici cicokera kuti?

Coyamba ciri m'thupi. Mwana akatha msinkhu, mbali ya ubongo yofuna zokondweretsa ndi citamando ikhwima msanga. Koma mbali ya kumphumi, imene iletsa munthu kucita zopusa, ikhwima pang'ono pang'ono kufikira zaka ngati 25. Ali ngati ngolo ya ng'ombe zamphamvu, woyendetsa akali kamwana.

Caciwiri ndico maso a anzace. M'caka ca 2005 Margo Gardner ndi Laurence Steinberg, a ku America, anayesa anthu ndi masewera a kuyendetsa galimoto pa kompyuta. Ana a zaka 13 kufikira 16 anaculukitsa kucita zoopsa pamene anzao analikupenya, koma akulu sanasinthe kwenikweni. Tsono cipinda ca sukulu ndico bwalo lodzala ndi openyerera.

Cacitatu anacilongosola Terrie Moffitt m'caka ca 1993. Iye ali mmodzi wa iwo amene anatsata moyo wa ana 1,037 obadwa m'1972 ndi 1973 ku Dunedin, m'dziko la New Zealand. Anati ana ovuta ali a mitundu iwiri. Owerengeka ayamba akali aang'ono, napitirira nazo kufikira ukulu. Koma ambiri ayamba atatha msinkhu, naleka okha atakula. Cifukwa cace ndi cakuti thupi lakula, koma anthu amuyesabe mwana. Ife tidziwa ici: mnyamata wocokera ku cinamwali auzidwa kuti tsopano ali munthu wamkulu, koma m'mawa mwace akalipiridwa m'sukulu ngati khanda, pamaso pa atsikana.

Cowopsa ndi ici: mwana amene akadaleka yekha angakodwe mu msampha. Tikampitikitsa m'sukulu cifukwa ca mwano wa caka cimodzi, ataya maphunziro a moyo wace wonse.

Cifukwa cace ndipempha zinthu zitatu. Mphunzitsi adzudzule mwana pambali, osati pa gulu, pakuti pa gulu mwanayo sangagonje. Mwana wosinkhuka apatsidwe nchito ya ulemu, monga kusunga mabuku kapena kuyang'anira ang'ono. Ndipo mwana asanacotsedwe m'sukulu, inu Mafumu muitane mphunzitsi, makolo ndi amalume ace, mufunse kuti khalidwe ili linayamba liti. Ngati linayamba ali wamng'ono, afunika cithandizo cacikuru ndi ca msanga. Ngati layamba tsopano, mumgwire dzanja kufikira aoloke.

Akulu anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe.