Mawu otsegulira chionetsero cha sayansi cha JETS ku Lundazi



Okonza mwambowu andipempha kuti ndilankhule za kutafuna. Akuluakulu ena ndaona akumwetulira, poti kutafuna sitinapitire kusukulu. Koma ana a Giredi 9 akudziwa kuti funso limeneli limagwetsa anthu pamayeso: chakudya chikalowa m'kamwa, chimasintha maonekedwe chabe, chimene mabuku anu amati physical change, kapena chimasanduka chinthu china chatsopano, chemical change?

Zonse ziwiri zimachitika, ndipo zimachitika nthawi imodzi. Munthu wamkulu ali ndi mano 32, mwana ali ndi 20. Akutsogolo amadula, achigalu amang'amba, akumbuyo amapera. Ntchito yawo ndi ya munsi mumtondo: chimanga chisweke chotani, chikadali chimanga. Nshawa ya Chalimbana mukaitafuna mpaka kusanduka chiponde, ikadali nshawa.

Malovu ndiwo amabweretsa zatsopano. Muli enzaimu yotchedwa amylase, imene imaphwanya sitachi n'kumusandutsa shuga wotchedwa maltose. Madzulo ano tengani kambamu ka nsima kopanda ndiwo, mukatafune nthawi yaitali osameza. Kayamba kutsekemera. Shugayo munalibe mumphika, wapangika m'kamwa mwanu, ndipo simungamubweze kuti akhalenso sitachi. Mwana wa m'kalabu ya JETS angatsimikize zimenezi ndi dontho la ayodini: phala lopanda malovu limada bii, pomwe lomwe lakhala ndi malovu kwa kanthawi silida.

Amayi amene mwakhala uko, inu ntchito imeneyi mumaidziwa kale. Pophika thobwa mumadikira phala lizizire pang'ono musanathire chimera, chifukwa mukathira likadali lowira silitsekemera bwino. Chimera chili ndi amylase, ndipo kutentha kwambiri kumaiwononga. Phala lolimba lija likasungunuka n'kuyamba kuzuna, imeneyo ndi kemisitiri yeniyeni. Zimandiwawa kuti mwana amaloweza zimenezi m'Chingerezi, n'kudutsa pamphika wa agogo ake osazindikira kuti ndi zomwezo.

Chifukwa chiyani tsono titafune, ngati mankhwala a m'thupi angagwire ntchitoyo? Chifukwa enzaimu imagwira pamwamba pa chakudya pokha. Mukachiphwanya tizidutswa tambiri, malo ogwirapo amachuluka. Kugayikaku kumapitirira m'chifu. Mu 1822, ku Mackinac m'dziko la America, mnyamata wina dzina lake Alexis St. Martin anawomberedwa mwangozi, ndipo bala lake linapola n'kusiya chiboo cholowera m'chifu. Dokotala William Beaumont ankamanga chakudya pa ulusi, n'kuchilowetsa pachiboocho, n'kumachitulutsa kuti aone mmene chagayikira. Zimene anapeza anazisindikiza mu 1833. Lero tikudziwa kuti m'chifu muli asidi wa hydrochloric ndi pepsin wophwanya mapuloteni a nyama, nyemba ndi kapenta.

Chenjerani ndi ndulu, ana inu. Imachokera m'chiwindi, n'kumwaza mafuta kukhala timadontho ting'onoting'ono. Mafutawo akadali mafuta, choncho kumeneko n'kusintha kwa maonekedwe chabe. Ambiri amataya malikisi pamenepa.

Kusintha kwina kumatembenukira dzino lenilenilo. Chikuto cha dzino, enamel, n'cholimba kuposa fupa lililonse m'thupi, koma chimagonja kwa asidi. Tizilombo ta m'kamwa timadya shuga wotsalira wa maswiti, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera, n'kutulutsa asidi amene amasungunula chikutocho pang'onopang'ono. Dzino likabooka silimeranso mnofu ngati chilonda. Makolo, mswachi kawiri patsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride n'zotsika mtengo kuposa ulendo wochoka kwa Mwase kapena kwa Magodi kubwera kuno kuboma kudzazula dzino. Ndipo chizolowezi chotsegula botolo ndi mano, abambo, tisiye.

Aziphunzitsi, ndikudziwa kuti masukulu ena alibe zipangizo zokwanira. Phunziro ili lokha musalidumphe pa chifukwa chimenecho: likufuna ufa, chimera, makapu awiri ndi kabotolo ka ayodini. Oweruza nawonso ndikuwapempha kuti afunse mwana aliyense chimene wayesa ndi manja ake, osangomvera zoloweza.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chionetsero chathu chatsegulidwa.