Banja ndi Mpumulo wa m'Mbali mwa Madzi

 Mutaona mutu wa nkhani yanga pa ndondomeko ya msonkhano uno, kapena ena mudanena mumtima kuti, kodi mbusayu wasoŵa chonena, kuti adzatiuze za kucheza kunyanja ndi kugona m'matenti? Ndikupemphani mundilezere mtima. Nkhaniyi ndaitenga kwa abale athu Amalaŵi okhala mu mzinda wa Cape Town, amene ndakhala ndikutumikira pakati pao, ndipo ndikhulupirira kuti ikhudzanso nyumba zathu kuno kwathu.

Mzinda wa Cape Town umatchuka ndi nyanja yamchere ndiponso phiri lija la Table Mountain. Koma kuseri kwa phirilo, pa chigwa chamchenga chotchedwa Cape Flats, kuli nyanja zazing'ono zimene eni dziko amazitcha vlei. Yaikulu mwa izo ndi Zeekoevlei, dzina lotanthauza kuti dziŵe la mvuu. Pafupi pake pali Rondevlei, malo osungirako mbalame chiyambire 1952, kumene mvuu zidatha kalekale koma adazibwezeramo mu 1981. Kufupi ndi Retreat ndi Grassy Park kuli Princess Vlei, ndipo ku Muizenberg kuli Zandvlei, kumene madzi a m'mitsinje amakumana ndi amchere. Pa Loŵeruka ndi pa masiku a tchuthi mabanja amadzaza m'mbali mwa madzi ameneŵa. Ena amaotcha nyama, ena amaŵedza, ena amapalasa timabwato, ndipo pamalo ololedwa ena amamanga matenti nagona komweko.

Tsono Amalaŵi ambiri amakhala ku Capricorn, kumenenso amati Vrygrond, ndipo kuchokera kumeneko kukafika ku Zandvlei munthu amayenda pansi. Tsiku lina ndidakacheza kwa bambo wina wa kumeneko, mkulu wa mpingo, kwao ku Nkhotakota m'mbali mwa nyanja. Amagwira ntchito ya m'munda wa maluŵa pa nyumba ina yoyandikana ndi madzi a Zandvlei, ndipo Lachisanu lililonse amatsuka bwato la abwana ake, kuti ana a abwanawo akaseŵere nalo m'maŵa mwake. Ndidafunsa mwana wake wachisamba, mnyamata wa zaka 12 wobadwira konko, ngati adakwerapo bwato. Adati iyai. Ndidafunsanso ngati adakhalapo tsiku lathunthu ndi atate ake m'mbali mwa madziwo. Adatinso iyai. Bamboyo, munthu amene adayamba kugwira nkhafi asanayambe ndi sukulu yomwe, adangoŵeramitsa mutu.

Nditafunsa mabanja ena chifukwa chake, ndidamva mayankho atatu. Ena adati zimenezo ndi za Azungu. Ena adati nthaŵi palibe. Ena adati ndalama palibe. Ndilole ndiŵatenge mayankhoŵa limodzi limodzi.

Mau akuti ndi za Azungu ali ndi mbiri yake, ndipo tiyenera kuidziŵa. Mu 1953 boma la tsankho la South Africa lidakhazikitsa lamulo logaŵa malo opezekapo anthu onse potsata khungu, kuyambira mabenchi ndi mabasi mpaka magombe a nyanja. Magombe abwino, monga la Muizenberg, adasungidwira Azungu okha. M'zaka zimenezo Princess Vlei adali amodzi mwa malo oŵerengeka kumene mabanja a Makaladi, amene ambiri adachotsedwa m'nyumba zao ndi kukatayidwa ku Cape Flats, ankatha kupita ndi ana ao popanda wowathamangitsa. Ankaphika kumeneko, ankaŵedza kumeneko, ndipo mipingo ina inkabatiza anthu ake m'madzi omwewo. Mu Ogasiti 1989 Arkibishopu Desmond Tutu adatsogolera khamu la anthu kukaponda magombe oletsedwa a Strand ndi Bloubergstrand, apolisi nkuŵabalalitsa ndi zikoti. Lamulo lija lidafafanizidwa mu 1990. Pambuyo pake padabukanso nkhondo ina, pamene amalonda adafuna kumanga masitolo aakulu pa gombe la Princess Vlei. Anthu ozungulira malowo adakana kwa zaka zambiri, nabzala maluŵa achilengedwe pamene panali zinyalala, kufikira mu 2014 pamene akuluakulu a mzinda adalengeza kuti masitolowo samangidwa. Choncho mbale wathu akamanena kuti gombe ndi la Azungu, akubwereza mau a lamulo limene lidafa mu 1990. Anthu adakwapulidwa kuti mwana wakuda akhale pa mchenga umenewo, ndipo nzachisoni kuti ife tikudzitsekera tokha chitseko chimene anzathu adachitsekula ndi misozi.

Yankho lachiŵiri, lakuti nthaŵi palibe, lili ndi choonadi chambiri. Abale athu amatuluka m'nyumba kuli mdima nabwerera kuli mdima, ndipo ambiri Loŵeruka amagwira maganyu kuti apeze yotumiza kumudzi. Nkhani ya mphamvu za wantchito siyachilendo kwa Mmalaŵi mu mzinda umenewu. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, wophunzira wa ku Livingstonia, ndiye adayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, pakati pa onyamula katundu padoko. Lero lamulo la ntchito la dzikolo, la mu 1997, limapatsa wantchito mpumulo wa maola 36 otsatizana mlungu uliwonse, ndiponso tchuthi cha masiku 21 pa chaka. Alipo mabwana osasunga lamuloli, ndipo mlendo wopanda mapepala okwanira amaopa kudandaula. Zimenezo nzoona.

Koma abusa anzanga, pano tidziyang'ane tokha. Maola oŵerengeka amene abwana amasiya, amaŵatenga ndani? Loŵeruka masana amai ali ku chigwirizano, achinyamata ali ku kwaya, abambo ali ku bwalo la akulu kapena ku komiti ya zomangamanga. Lamulungu timaloŵa m'tchalitchi m'maŵa, nkutuluka dzuŵa litapendeka, kenaka msonkhano wa za chuma. Banja lafika pa malo amodzi, koma aliyense wakhala pa benchi lake, ndipo Lolemba likamacha, tate sadalankhule ndi mwana wake mau oposa moni. Ine ndemwe ndidalembapo ndondomeko zotere, ndikumanyadira kuti mpingo uli ndi moyo. Timaphunzitsa za tsiku lopuma, koma ndife oyamba kulidzaza. Tikumbukirenso kuti m'buku la Levitiko, mutu 23, Aisraele adalamulidwa kutuluka m'nyumba zao ndi kukhala m'misasa masiku 7 chaka chilichonse, kuti mibadwo yao idziŵe kumene idachokera. Kugona panja pamodzi ndi ana si chinthu chatsopano kwa ife oŵerenga buku limenelo.

Pofuna kuyesa zimene ndikunenazi, chaka china m'mwezi wa Disembala, sukulu zitatsekedwa, tidasonkhana mabanja anai, kuphatikizapo la mkulu wa mpingo uja. Tidabwereka matenti, tidasonkha ya ufa, makala ndi ya pakhomo, nkukagona usiku umodzi pa malo ololedwa m'mbali mwa madzi. Sindikubisirani, zinthu sizidayende monga tidaganizira. M'nyengo yachilimwe ku Cape Town kumaomba mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakuvuma, ndipo ife zikhomo za matenti tidazikhoma mwaulesi mumchenga. Pakati pa usiku tenti yanga idandigwera, ana onse nkudzuka kudzaona mbusa akukwaŵa pansi pa nsalu ngati kamba. Adaseka mpaka misozi, ndipo tulo tidatha.

Popeza tulo padalibe, tidakhala pamodzi kuseri kwa galimoto. Pamenepo mkulu wa mpingo uja adati, "Mphepo iyi kwathu timaitcha mwera." Adayamba kufotokoza za mwera wa pa nyanja ya Malaŵi m'miyezi yozizira, m'mene asodzi amaŵerengera mitambo asanaloŵe m'madzi, m'mene amakopera usipa ndi nyali usiku wopanda mwezi, ndi m'mene atate ake adapulumukira bwato litagubuduzika. Mnyamata uja adafunsa kuti, "Kodi agogowo dzina lao anali ndani?" Abale, mwana wa zaka 12 adali asanamvepo dzina la agogo ake. Adalimva usiku umenewo, m'Chicheŵa, pakamwa pa atate ake. Kutacha mphepo idaleka, ndipo munthu wina amene adagona pafupi nafe adatibwereka kabwato kake. Bambo uja adakhazika mwana wake kutsogolo, nagwira nkhafi. Akulu adati madzi saiŵala khwaŵa, ndipo manja a munthuyo adali asanaiŵale. Mnyamatayo adaona kwa nthaŵi yoyamba kuti atate ake, amene ankangoŵadziŵa ngati munthu wotopa wobwera usiku, ndi katswiri pa chinthu china.

Mwina wina anena kuti zonsezi akadatha kukambirana kunyumba. Koma nyumba yake ndi chipinda chimodzi chamalata, momwe muli wailesi yakanema ndi mafoni, ndipo panja pali phokoso ndi mantha. Capricorn adayandikana ndi Lavender Hill, dera lovutika ndi magulu a zigaŵenga ndi mankhwala ozunguza bongo otchedwa tik. Sindikunena kuti usiku umodzi wa m'tenti ungatchinjirize mwana ku zimenezo. Ndikunena kuti magulu amenewo amakopa mnyamata pomupatsa nthaŵi, dzina ndi munthu womumvera, ndipo tate amene alibe tsiku limodzi la mwana wake wasiya munda wopanda mpanda. M'mera mpoyamba.

Yankho lachitatu linali la ndalama. Kugona m'tenti kumalipitsa, ndipo m'nyengo ya Khirisimasi malo amadzaza, kotero nkofunika kulembetsa msanga. Koma kukhala tsiku limodzi pa gombe la Princess Vlei ndi mphika wa mpunga wophikira kunyumba sikufuna chuma. Mutu umodzi susenza denga: mabanja angapo akasonkha, galimoto imodzi ndi tenti zobwereka zimakwanira.

Amene mungatsogolere maulendo otere, mverani malangizo aŵa. Moto muukoleze pa malo okhawo okonzedwera moto, ndipo muuzime ndi madzi musanachoke, pakuti tchire la kumeneko limayaka ngati mafuta. Mu Malichi 2015 moto udayambira m'phiri la pamwamba pa Muizenberg nukafika mpaka ku Hout Bay. Ŵerengani zikwangwani musanalole ana kuloŵa m'madzi, chifukwa mu 2021 Zandvlei ndi Zeekoevlei adatsekedwa kwa miyezi, zonyansa za m'mipope ya zimbudzi zitaloŵamo. Ana obadwira m'tauni ambiri sadziŵa kusambira, ngakhale atate ao ndi asodzi, choncho pakhale munthu wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana basi. Moŵa usapite nao, pakuti moŵa ndi madzi akuya zidalanda kale ana a anthu makolo ao. Ndipo potsiriza tolani zinyalala zanu zonse, kuti mlendo asatchuke ndi uve m'dziko la eni.

Tsopano ndibwerere kuno kwathu, pakuti mizinda iŵiriyi idalumikizana ndi dzina. David Livingstone adatcha Cape Maclear, m'boma la Mangochi, dzina la bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town. Pamenepo mpamene amishoni a Livingstonia adayamba kukhala mu 1875, asanasamukire ku Bandawe mu 1881, ndipo manda a ena mwa iwo alipo kufikira lero. Mu 1980 boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park pa malo omwewo, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaŵaika m'gulu la malo amtengo wapatali a dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Alendo amaoloka nyanja zamchere kudzamanga matenti pa mchenga wa ku Chembe. Nanga ana a m'mipingo yathu ya ku Lilongwe, ku Dedza ndi ku Mchinji, ndi angati amene adaiona nyanja ndi maso ao? Ndipo pamene magombe a ku Salima ndi ku Mangochi akumka natchingidwa ndi mipanda ya mahotela ndi nyumba zopumuliramo olemera, ndani adzaimirira monga adaimira anthu a ku Princess Vlei, kuti mwana wa msodzi akhale ndi njira yofikira kumadzi?

Pempho langa kwa Sinodi ndi laling'ono. Mpingo uliwonse, wa kuno ndi wa kunja, usiye Loŵeruka limodzi pa miyezi itatu lopanda msonkhano, lopanda kwaya, lopanda komiti, ndipo ulengeze poyera kuti tsikulo ndi la mabanja. Kumene kuli nyanja apite kunyanja, kumene kuli damu kapena mtsinje apite kumeneko, ndipo amasiye ndi ana opanda atate atengedwe ndi mabanja ena. Abusa tiyambe ndife, chifukwa ana a m'nyumba za abusa nawonso amadziŵa msana wa atate ao koposa nkhope.

Mnyamata uja tsopano ndi wamkulupo. Pamene ndinkanyamuka kubwera kuno adandipatsa uthenga woti ndikafika ku Nkhotakota ndikafunse ngati bwato la agogo ake likadalipo. Ndidzapitako msonkhano uno ukatha.