Za Sukulu Pakati pa Amaasai Oŵeta Ng'ombe



Amaasai ndi mtundu wa anthu oŵeta ng'ombe amene amakhala kumwera kwa Kenya, m'madera a Kajiado ndi Narok, ndiponso kumpoto kwa Tanzania, monga ku Monduli, Longido ndi Ngorongoro. Chiyankhulo chao ndi Maa. Kaŵirikaŵiri zimamveka kuti anthu ameneŵa amakana sukulu. Kunena chotero nkosavuta, koma kumabisa funso limene mphunzitsi aliyense wofika kumeneko amakomana nalo: kodi mwana akapita ku sukulu, ng'ombe zitsala ndi yani?

Pa mudzi wa Mmaasai mwana amakhala ndi ntchito kuyambira ali wamng'ono. Mnyamata amayamba ndi ana a mbuzi pafupi ndi khola, ndipo akasinkhuka amatsata ng'ombe kutali kofuna msipu ndi madzi. Mtsikana amakama mkaka, amatunga madzi, amatola nkhuni, ndipo akamakwatiwa atate ake amalandira ng'ombe za malowolo. Chilala chikakula banja limasamutsa ziŵeto, pamene sukulu, pokhala ya njerwa, imatsala pamene inamangidwa. Kotero ngakhale sukulu ikhale yaulere, kholo limalipira ndithu, pakuti limataya mbusa wa ng'ombe zake.

Palinso bala la m'mbiri. Mapangano a 1904 ndi 1911 amene Angerezi anachita ndi atsogoleri a Amaasai anawachotsa ku msipu wabwino wa ku Naivasha, kenaka wa ku Laikipia. Sukulu inafika m'manja mwa anthu a mtundu womwewo umene unatenga dzikolo, choncho sikunali kupusa kuikayikira. Ena oŵerengeka analimba mtima. Molonket ole Sempele, amene anamva Uthenga Wabwino kudzera mwa John Stauffacher wa Africa Inland Mission, anagulitsa ng'ombe zake napita kukaphunzira ku America m'chaka cha 1909. Koma anthu onga iyeyo abale ao ankawaona ngati otayika.

Boma la Kenya linachotsa malipiro a sukulu za pulayimale m'chaka cha 2003, Tanzania itachita kale chimodzimodzi. Ana anachuluka m'makalasi, komabe atsikana a kumidzi ya oŵeta ankathera panjira. Mtunda ndi wautali. Chiyankhulo nachonso ndi phiri: mwana wa ku Tanzania amayankhula Maa kwao, amaphunzira m'Chiswahili ku pulayimale, ndipo ku sekondale amapeza Chingerezi. Pampata pamenepa ndi pamene panaloŵa sukulu zogonera komweko zosakhala za boma. Mpingo wa Lutheran unatsegula sekondale ya atsikana a Chimaasai ku Monduli m'chaka cha 1995, mothandizana ndi m'mishoni David Simonson. Ku Kajiado, Priscilla Nangurai, pamene anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya atsikana ya Africa Inland Church, ankalandira ana othaŵa ukwati wokakamiza, nayesetsa pambuyo pake kuwayanjanitsa ndi makolo ao.

Nkhani yofunika kuisinkhasinkha bwino ndi ya Kakenya Ntaiya wa ku Enoosaen, m'dera la Narok. Iye anamtomera mwamuna ali ndi zaka 5. Atafika msinkhu wa mdulidwe wa atsikana, umene umatsegula njira ya ku ukwati, anapangana ndi atate ake kuti alola kudulidwa pokhapokha iwo atamlola kubwerera ku sukulu. Mtengo umenewo unali woŵaŵa, ndipo palibe mwana woyenera kuulipira. Atapeza malo ku koleji ya ku America, anayenda kwa akuluakulu a m'mudzi kupempha chilolezo ndi thandizo, nalonjeza kuti adzabwerera. Anabwereradi. M'chaka cha 2009 anatsegula sukulu yogonera komweko ya atsikana m'mudzi mwao, ndipo kholo lofuna malo a mwana wake limayamba lalonjeza kuti silidzamdula kapena kumkwatitsa ali pa sukulu. Lamulo lapadera la Kenya loletsa mdulidwewo linadza m'chaka cha 2011, sukuluyo itayamba kale kugwira ntchito ndi malonjezo a makolo.

Chimene chikuoneka apa nchakuti Ntaiya sanalambalale atate a ana. Anakhala nawo pansi, podziŵa kuti iwo ndiwo ataye ng'ombe. Womanga sukulu amene afika ndi mabuku okha, nayesa kholo mdani wa kuunika, amadzaza kalasi chaka chimodzi chabe. Chilala cha 2009, chimene chinapha ziŵeto zambirimbiri ku Kajiado, chinalalikira koposa aphunzitsi: bambo amene khola lake linatsala lopanda kanthu anaona kuti mwana wolandira malipiro angathe kugulanso ng'ombe.

Komabe sukulu zimenezi sizoyenera kuzitamanda mopitirira. Malo ake ndi ochepa, ndipo zambiri zimadalira ndalama za abwenzi akunja, zimene zingaphwe tsiku lililonse ngati chitsime cha m'chilimwe. Mwana wogonera ku sukulu amakhala miyezi yambiri kutali ndi chiyankhulo chake ndi nzeru za kuŵeta, ndipo akalephera kupeza ntchito amabwerera kwao wosadziŵa bwino khola, wosaloŵanso mu ofesi. Anyamata nawonso asaiŵalike, pakuti ndiwo amatsala kubusa alongo ao akapeza thandizo.

Ndipo vuto la tchuthi likadalipo. Ku Kenya, tchuthi chachitali cha Disembala ndiyo nyengo imene atsikana ambiri amadulidwa, ena nkukwatitsidwa. Nchifukwa chake sukulu zina zimasunga ana ena m'nyengo imeneyo, ndipo mphunzitsi wamkulu amayenera kusankha mwana ndi mwana, uyu apite kwao, uyu atsale.