Tibwerere ku Phiri: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka



A Mlembi atandipempha kuti ndilankhule lero, ankayembekeza kuti ndikamba za ndalama zokonzera denga la holo. Nkhani imeneyo ndawasiyira a Msungichuma. Ine ndabwera ndi nkhani ya miyendo.

Amene mwamvetsera lipoti la chuma m'mawa uno mwaona nokha kumene gawo lalikulu la zopereka zathu likupita. Likupita ku chipepeso. Anzathu amene tinkathamanga nawo mozungulira bwalo lija Lachitatu lililonse masana, lero tikumva kuti wina wagwa kubafa ndi sitiroko, wina amudula phazi kaamba ka shuga, wina wangokomoka ali pa desiki. Sindine dokotala, ndipo sindikunena kuti imfa zonsezi zikanapeweka. Koma ndikufuna ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine mwini pa phiri la Mulanje.

Ena mwa inu mukukumbukira ulendo umene tinapita tili Folomu 3. Aphunzitsi athu a jogalafe anatikweza pa lole ya sukulu pamodzi ndi thumba la ufa, mapoto awiri, usipa ndi mabulangeti a ku hostelo. Tinadutsa m'minda ya tiyi, tinakhota pa Chitakale, tinatsikira pa Likhubula. Tinasamba pa Dziwe la Nkhalamba, madzi ake ozizira ngati akuluma mafupa, kenaka tinayamba kukwera njira ya Chapaluka. Palibe anali ndi nsapato zokwerera phiri. Ambiri tinavala matenesi obooka, ena anavula n'kumayenda chosavala. Tinafika pa kanyumba ka ku Chambe dzuwa lisanalowe, ndipo ena anali ndi mphamvu zotsala zomenyera mpira wa mapepala. Usiku umenewo tinaotha moto wa nkhuni za mkungudza, ndipo fungo lake linakhala m'majuzi mwathu mpaka kutsekera sukulu. M'mawa mwake tinadzuka n'kuona mitambo ili pansi pathu. Mnzathu wina, amene lero ndi m'busa ndipo wakhala kumbuyo uko, anafunsa ngati tamwalira.

Papita zaka zambiri. Ndinapeza ntchito, ndinapeza galimoto, ndinapezanso mimba, imene abale kumudzi ankaiyamikira kuti ndi umboni woti zinthu zikuyenda. Tsiku lina kuchipatala anandiyeza n'kundiuza kuti BP yakwera kwambiri ndipo shuga wayandikira pa malire. Dokotala, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, anandifunsa kuti: "Bambo, mumayenda pansi mtunda wotani pa tsiku?" Ndinawerenga mumtima: kuchoka pakhomo kukalowa m'galimoto, kuchoka m'galimoto kukakhala pa mpando. Ndinachita manyazi. Ndipo monga achitira munthu wamanyazi, ndinadzitama. Ndinati ine ndinakwerapo Mulanje wopanda nsapato, ndipo Loweruka lomwelo ndikakweranso.

Ndinapitadi. Pa Likhubula ndinalemba mnyamata wotsogolera njira ndi wina wonyamula katundu. Anandilangiza kuti tidzere ku Chapaluka poti njirayo imakwera pang'onopang'ono, koma ine ndinasankha ya Skyline, yachidule koma yoimirira. Ola limodzi lisanathe ndinali nditakhala pa mwala, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda m'makutu, maso akuchita chidima. Pamenepo anatulukira mayi wina wachikulire akutsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Anaima, anandiyang'ana, n'kufunsa mwaulemu kuti: "Pepani bambo, mwadwala?" Sindinayankhe. Mnyamata wotsogolera uja ndiye anati, "Bwana, phiri silithawa. Tiyeni tibwerere, mudzabwerenso." Tinatsika, ndipo ndinawalipira ndalama ya tsiku lathunthu pa ulendo wa maola awiri.

Pobwerera pa msewu wa Midima ndinaganiza kwambiri. Ife a m'badwo wathu tinakula tikuyenda: ku sukulu ya pulaimale, ku chigayo, ku dambo ndi ng'ombe, kukatunga madzi. Tinkayenda chifukwa cha umphawi, motero m'mitu mwathu kuyenda pansi ndi umphawi zinasanduka chinthu chimodzi. Tinaphunzira molimbika kuti tisadzayendenso. Titapambana, tinakhala pansi, ndipo takhalabe pansi mpaka lero. Umboni wake ndi uwu: nditayamba kuyenda m'mamawa m'dera lathu, sabata yoyamba anansi atatu anaimitsa magalimoto awo kundifunsa ngati yanga yafa. Mmodzi anafika pouza mayi a kunyumba kuti ngati pali vuto la ndalama tisachite manyazi kunena.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, monga kuyenda mwandawala. Mukagawa, ndi theka la ola masiku asanu. Ndi nthawi yochepa kuposa imene timathera pa mzere wa mafuta kapena pa bawo. Ndinayamba ndi zimenezo. Mwezi wachiwiri ndinaonjeza Loweruka: Soche, kenaka Michiru, kenaka Zomba, kumene ndinayenda kuchokera pa damu la Mulunguzi, kudzera pa mathithi a Williams, mpaka pa malo amene Mfumu Haile Selassie anaimapo mu 1965 n'kuona chigwa chonse mpaka ku nyanja ya Chilwa. Mankhwala a BP sindinasiye, ndipo pasapezeke wina wochoka pano n'kukataya mapiritsi ake ponena kuti ndanena ndine. Koma lamba ndinaboola mabowo awiri atsopano, ndipo tulo tinabwerera.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri ndinabwerera ku Likhubula, n'kufunafuna mnyamata yemwe uja. Ulendo uno ndinamumvera. Tinadzera ku Chapaluka, tinapuma paliponse pamene iye ananena, ndipo tinafika ku Chambe patatha maola asanu ndi limodzi. Musaseke. Ndikudziwa kuti pa mpikisano wa onyamula katundu umene umachitika chaka ndi chaka, anyamata ndi atsikana a kumeneko amakwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya ndi kutsikanso pa maola osakwana atatu. Iwo ndi iwo. Ine ndinafika, basi.

Koma phiri limene ndinalipeza si limene tinalisiya. Fungo lija kulibe. Mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi, unatha ndi macheka ndi moto. Kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Pali mbande zimene a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala, koma mtengo umenewu umakula mochedwa, ndipo mthunzi wake sitidzaukhala ife. M'mbali mwa phiri mukuonekanso zipsera za zigumukire za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anakokolola midzi ndi anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Ndi ulemu waukulu. Koma usiku umene ndinagona ku Chambe ndinatsegula buku la alendo n'kuwerenga masamba angapo: Germany, Holland, Scotland, Japan. Maina a kwathu kuno anali owerengeka, ndipo ambiri mwa iwo anali a anthu amene anabwera pa ntchito. Anthu akulipira ndege kudzaona chimene ife timangochiona pa windo popita ku maliro.

Tsono pempho langa kwa bungwe lino ndi ili. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse tiziyenda limodzi. A ku Blantyre muli ndi Michiru ndi Soche, a ku Zomba phiri lili pakhomo, a ku Lilongwe muli ndi Nkhoma ndi Bunda. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, choncho tidzayenda pa liwiro la munthu wotsalira kumbuyo, ndipo amene ali ndi vuto la mtima kapena mawondo ayambe waonana ndi dokotala. Amayi, musanene kuti izi n'za abambo. Pa ulendo wa Folomu 3 uja oyamba kufika anali atsikana awiri. Ndipo mowa uzidikira mpaka titatsika.

Ikafika nyengo yopanda mvula tidzapite ku Chambe, titatenga ana a Folomu 3 a pa sukulu yathu, poti ndamva kwa a Hedimasitala kuti lole ija inafa kalekale ndipo maulendo otere anatha. Aliyense wa ife alipirire mwana mmodzi thiransipoti ndi chakudya. Tidzalemba otsogolera njira a pa Likhubula ndi kuwalipira moyenera, osanenerera ngati tikugula tomato. Tidzanyamula majuzi ndi mabulangeti chifukwa mu Juni ndi Julaye pamwamba paja pamagwa chisanu choopsa, ndipo chiperoni chikabwera munthu suona ngakhale dzanja lako. Za ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ija, tisazikambe chaka chino. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anabweza womutsogolera n'kupitirira yekha, ndipo anakapezeka atamwalira patapita masabata. Ife ana a eni tidzakawabweza onse.

Pepala lolembapo maina lili pa tebulo la pakhomo, pafupi ndi a Msungichuma. Dzina langa lili kale pamwamba, ndipo lachiwiri ndalembapo la abusa aja, ngakhale sindinawafunse.